Mlandu Suola, Aola Ndi Munthu

Mwezi watha, m'kalasi langa la Civic Education la Giredi 11, tinali pa mutu wa makhonsolo. Kumanzere kwa bolodi ndinalemba kumene khonsolo ipeza ndalama: maleti a nyumba, ground rent, levi ya m'misika, malaisensi a mabizinesi, ndi zimene boma lalikulu litumiza. Kumanja ndinalemba kumene ndalamazo zipita: malipiro a anchito, zinyalala, ngalande, misewu, manda, ozimitsa moto. Pansi penipeni, poti coko inali ikalipo, ndinaonjezera mau awiri: milandu, maloya. Mtsikana wina wa ku Kanyama, amene amai ake agulitsa tomato ndi malasha, anakweza dzanja.

"Ba Ticha, manje ngati khonsolo yapwanya kantemba ka ba mami, ba mami baipeleka ku khoti, loya wa khonsolo bamulipila na ndalama za ndani?"

Ndinati ndi za khonsolo. Iye anangoloza kumanzere kwa bolodi, pa mau akuti levi ya m'misika.

"Ndiye kuti ba mami ndiye balipila loya wamene azabagwesa?"

Anzake anaseka, belu linalira, ine ndinapulumukira pomwepo. Koma funsolo ndinakwera nalo minibasi, ndinatsika nalo ku Matero, ndipo mpaka lero lindiluma ngati nsabwe ya m'msoko.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo maloyawo, cifukwa kunyoza loya ndi nchito yopepuka, aliyense wa pa sitesheni aidziwa. Pamaso pa lamulo khonsolo ili ngati munthu: iimba ena mlandu, nayonso iimbidwa. Ya Lusaka ili ndi dipatimenti yake ya zamalamulo ku Civic Centre, pa Independence Avenue, maloya olembedwa nchito amene adikira kutha kwa mwezi ngati ine. Loya wakunja ndi wina. Ali ndi ofesi yakeyake, amuitanira mlandu, iye atumiza bilu. Pali nthawi zimene kumuitana ndi nzeru. Mlandu wina ufuna katswiri wa makontrakiti akuluakulu. Wina ukhudza mabwana a maloya a m'nyumbawo, ndipo munthu sangafufuze bwino amene asaina chuti cake. Wina ndi wolimbana ndi munthu wa thumba lakuya amene wabwera ndi maloya atatu, wina mwa iwo State Counsel.

Aliyense amene anakulira m'komboni adziwa bwalo lina la mpira limene tinagona lilipo, tinadzuka lili ndi zikhomo ndi mulu wa mabuloko. Khonsolo ikapita kukhoti kukalanditsa bwalo lotere ndi loya wotopa, amene wasenza mafailo ofika m'cibwano, n'kuluza, oluza enieni ndi ana a ku Chawama amene adzaseweretsa mpira wao pakati pa msewu. Pamenepo bilu ya loya waluso ndi yochipa kuposa bwalo. Ndalama yotere ine siindiwawa, ngakhale mkati mwake mutakhala K15 yanga ya personal levy imene andidula caka ciliconse.

Cimene cindiwawa ndinaciona ndi maso, ndipo sicinacitikire mu Lusaka.

Amalume anga anagwira nchito zaka zambiri pa khonsolo ina, kucigawo cina, ngati woyendetsa thirakitala ya zinyalala. Atapuma anabwera kudzakhala kwa mwana wao ku George, akudikira ndalama zao zopumira. Panalibe amene anakana kuti ndalamazo ndi zao. Kalata yoonetsa ciwerengero cake inalipo, yosainidwa, yodindidwa. Caka cinatha, cinanso cinatha. Iwo ndi anzao ena anasonkherana, napeza loya wacinyamata amene anavomera kudikira malipiro ake. Khonsoloyo inabweretsa loya wakunja, wa suti yabwino, waulemu kwambiri, amene ankawapatsa moni amalume pakhonde la khoti ndi manja awiri. Tsiku loyamba anapempha nthawi kuti awerenge failo. Tsiku lina anati kalata yosumira inalakwika pa mutu. Tsiku linanso anatumiza mnyamata wa mu ofesi mwake kudzanena kuti iye ali ku khoti lina. Ulendo uliwonse amalume ankakwera basi usiku, jekete lao la kuchalichi lili m'pulasitiki kuti lisade, ndalama ya ulendo ili ya kaloba.

Ndinawafunsa tsiku lina kuti, "Amalume, kodi simutopa?" Anaseka nati, "Mphwanga, mlandu suola." Ndinawayang'ana miyendo yotupa ija, ndipo mumtima ndinati mlanduwo zoona suola, aola ndi munthu.

Loya uja sananame ngakhale kamodzi. Zonse zimene anacita lamulo lizilola. Apa ndiye pagona nkhani yanga: kodi cinthu cimene lamulo lilola munthu wamba pozitchinjiriza, n'coyeneranso kuti khonsolo icicite kwa munthu wake?

Ine ndikakangana ndi mwininyumba, ndili ndi ufulu wogwiritsa nchito mpata uliwonse umene lamulo landisiyira. Ndalama ndi zanga, mutu ndi wanga, ndipo mwininyumbayo sindinalumbire kumusamala. Khonsolo ilibe ndalama yakeyake ngakhale ngwee imodzi. Zonse ndi zosungitsidwa. Amene asaina kalata yoitana loya ndi Town Clerk kapena wina wa pansi pake, koma mwini ndalamayo ndi mai wa tomato, ndi wa salaula, ndi wokankha wilibala pa Soweto Market, ndi amalume amene analipira levi zaka zonse zija. Ndiye kuti pa mlandu wa khonsolo ndi munthu wokhala mumzindamo, munthuyo ali mbali zonse ziwiri za khoti. Uku ndi wodandaula, uku ndi wolipira loya womutsutsa. Mtsikana uja anaziona izi mu mphindi imodzi, ine ndinatha zaka zinai ku yunivesiti osaziona.

Zikatero, mau akuti "khonsolo yawina" afunika kuwatembenuza kawiri. Ngati wodandaulayo anali wabodza, wofuna kudya za mzinda, inde yawina, tonse tawina. Koma ngati anali ndi coonadi, n'kugonja cifukwa ndalama ya basi inamuthera, kapena cifukwa pepala lake linacedwa ndi masiku awiri, mzinda wagula cosalungama ndi ndalama zake zomwe. Ukanangomulipira munthuyo, ndalamayo ikanagula unga ndi malata m'komboni momwemo.

Kawirikawiri siwinanso n'komwe. Khoti zathu zili ndi cizolowezi cakuti woluza alipirenso zimene mnzake waononga pa mlandu, ndipo ndalama imene yagamulidwa ibala ciongoladzanja. Conco khonsolo imene yakana nkhongole yodziwikiratu itha kudzalipira kanai: nkhongole ija, ciongoladzanja ca zaka zonse zocedwetsa, loya wa wodandaula, ndi loya wake wakunja. Mai aliyense wa m'cilimba angakuuzeni kuti uku ndi kusawerengera. Nanga anthu ophunzira, a madigiri, acitiranji?

Ndaganizapo kwambiri, ndipo sindikhulupirira kuti nthawi zonse ndi nchekelako, ngakhale kuti pamene pali bilu yosaoneka, khoswe sacedwa kununkhiza. Nthawi zambiri ndi mantha cabe. Bwana amene wasaina kuti "munthuyu talakwa, mlipireni" waika dzina lake pa pepala. Mawa a Auditor General adzamufunsa, makhansala adzamunong'ona kuti wadyapo. Koma akati "tiyeni kukhoti", palibe amene adzamuloza cala. Zikadzatha zaka zisanu woweruza n'kulamula kuti alipire, iye adzakhala atasamutsidwa kale kupita ku khonsolo ina, ndipo amene adzapeza pa mpandowo adzangoti ndi khoti lanena. Loya wakunja pamenepo walipidwa kuti asenze manyazi a munthu amene waopa kugamula. Akulu anati nkhuyu zodya ana zipota akulu. Kuno zatembenuka: adya ndi akulu, zipota ana.

Palinso cina cimene ambiri sitidziwa. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, pa Article 160, anena kuti munthu amene wawina khonsolo m'khoti adikire caka cathunthu asanaikakamize kulipira. Cifukwa cake ndicimva. Popanda lamulo lotere ma bailiff akananyamula galimoto yozimitsa moto ndi mathiraki a zinyalala, n'kusiya mzinda wonse pamavuto cifukwa ca nkhongole ya munthu mmodzi. Koma taonani zimene khonsolo yapatsidwa: thumba losauma, cifukwa levi ilowa tsiku ndi tsiku, moyo wosatha, cifukwa khonsolo siidwala shuga, ndiponso caka caulere pambuyo pa cigamulo. Winayo ali ndi jekete limodzi ndi mzere wautali wa ku Legal Aid Board. Amene wapatsidwa cishango cacikulu cotere ndiye ayenera kusamala kwambiri ndi mkondo wake. Malamulo omwewo, pa Article 118, anena kuti cilungamo cisacedwetsedwe, ndipo alimbikitsa kuthetsa milandu mokambirana. Ku High Court kuli njira ya mkhalapakati. Khonsolo ndiyo inayenera kukhala yoyamba kuipempha.

N'zocititsa cidwi kuti makhoti amene ife a m'komboni tiwadziwa bwino, Local Court ndi Small Claims Court, salola maloya kuimira munthu. Uima wekha, ukamba wekha, mnzako ayankha yekha. Ali ndi zofooka zao, koma amene anawakonza anadziwa cinthu cimodzi: mbali imodzi ikakhala ndi wolankhula wogulidwa, inayo ilibe, cimene cipimidwa si mlandu, ndi matumba.

Anzanga ena mu staff room akonda kunena kuti ndalama iliyonse ya loya ikanamanga zimbudzi ku Kanyama. Mtima wao ndiumva. Tonse tikumbukira kolera ya 2017 ndi 2018, asilikali ali m'misewu ya m'tauni, Kanyama ili pa lamulo lakuti anthu asayende usiku. Tikumbukira ya 2023 ndi 2024, pamene National Heroes Stadium inasanduka cipatala, anthu oposa 700 anafa m'dziko muno, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January anatsegulidwa pa 12 February. Ine ndinathamangitsa silabasi caka conse cija ngati wothawa galu. Koma mfundo ya zimbudzi ndi mpeni wodula ciliconse. Ungadule nao laibulale, ungadule nao magetsi a mumsewu, ungadulenso malipiro anga. Iluma zenizeni pa ndalama imene siinagule kanthu. Loya amene walanditsa malo a kiliniki wagulira mzinda cinthu. Amene wagula miyezi khumi ndi isanu ndi itatu yocedwetsa nkhalamba sanaugulire kanthu, ndipo bilu yake ndiyo tiyenera kuiika pafupi ndi ngalande yotsekeka ya ku Kalingalinga n'kufunsa.

Vuto la ndalama ya maloya n'lakuti ilibe thupi. Ngalande uiona, utha kuiponda n'kunena kuti simenti yacepa. Kuyambira pamene CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, anthu aphunzira kuwerenga madesiki ndi kufunsa dzina la kontrakitala. Koma maola amene loya wati anakhala akuwerenga failo, ndani angawaponde? Palibe cikwangwani, palibe riboni yodula, palibe cithunzi pa Facebook. Ilowa m'buku pa mzere umodzi, n'kumira.

Dziko lathu linaphunzirapo za maloya akunja pa mlingo waukulu. Mu nthawi ya Levy Mwanawasa boma linatengera Frederick Chiluba ndi anzake ku High Court ya ku London, ndi maloya a komweko, olipidwa mitengo ya komweko. Mu 2007 woweruza Peter Smith anagamula kuti anabera dziko ndalama pafupifupi 46 miliyoni ya madola. Mu 2010 High Court ya ku Lusaka inakana kulembetsa cigamuloco kuti cigwire nchito kuno, ndipo boma la panthawiyo silinapitirize nayo nkhaniyo. Anthu atsutsana mpaka lero ngati ulendo wa ku London unali woyenera. Ine ndiona kuti kulondola ndalama ya anthu n'koyenera, ngakhale kukhale kodula. Cimene cinandiphunzitsa n'cakuti mlandu wolipidwa ndi anthu wamba utha kuyambidwa ndi mphepo ya ndale, n'kuzimitsidwa ndi mphepo ina, koma bilu yokha ndiyo siisintha cipani.

Ku South Africa anafunsa funso lina limene makhonsolo athu ayenera kulisunga. Kwa zaka zambiri boma linkalipirira Jacob Zuma maloya ake pa milandu ya katangale. Mu 2018 High Court inagamula kuti sizinali zoyenera, ndipo mu 2021 khoti la apilo linavomereza kuti ndalamazo zibwezedwe. Mfundo yake njosavuta: ndalama ya anthu iteteza mpando, siiteteza zimene wokhalapo wacita pofuna mimba yake. Ofisala amene wagwetsa nyumba motsata lamulo, mzinda umuimire. Amene wagulitsa poloti imodzi kwa anthu atatu, adzipezere loya, cifukwa atatu aja sangamulipirire iye wowatsutsa.

Pano ndilozeko cala kwa ife tomwe, cifukwa milandu yambiri ya makhonsolo tiibala ndife. Tigula poloti kwa kada usiku, pamwamba pa ngalande, tidziwa bwino kuti pepalalo ndi la pansi pa mtengo. Tikhala zaka osalipira ground rent, occupancy licence osaitenga. Buludoza ikabwera, monga inabwerera ku Kasompe ku Chingola mu 2022 n'kugwetsa nyumba mazana, tilira, ndipo kulirako n'koona, ana agona panja zoona. Koma amene anagulitsa malowo ali phee, ndipo mlandu umene utsatira ulipidwa ndi mnansi amene anamanga motsata lamulo. Sindinena izi kuti ndicepetse mlandu wa akuluakulu, amene anaona maziko akukumbidwa n'kuyang'ana kumbali. Ndingoti pa bilu ija pali ndi siginecha yathu.

Nanga tingacitenji, ife amene tilibe suti? Kuyambira December 2023 tili ndi lamulo la Access to Information, limene lipatsa nzika mphamvu yopempha zikalata ku maofesi a boma, makhonsolo ali momwemo. Misonkhano ya khonsolo yonse njotseguka kwa anthu. Wadi iliyonse iyenera kukhala ndi Ward Development Committee, ndipo khansala wanu mumudziwa, ankagogoda pa citseko canu nthawi ya kampeni. Meya nayenso timusankha tokha kuyambira 2016. Mafunso ake safuna digiri: caka catha milandu inali ingati, ingati inapita kwa maloya akunja, anasankhidwa bwanji pamene lamulo la kagulidwe ka zinthu za boma lifuna mpikisano, analandira zingati, ndipo pa milandu imene tinaluza, ndi ingati imene loya wa m'nyumba anacenjeza kale kuti tidzaluza? Funso lothera ili ndilo lili ndi nyama. Adzakuuzani kuti zokambirana za loya ndi womulemba nchito ndi cinsinsi. Uphungu wake ukhale cinsinsi mlandu ukali m'khoti, cabwino. Mtengo wake si cinsinsi kwa amene aulipira.

Ndikanakonda khonsolo iliyonse itadzimanga yokha ndi lonjezo lolembedwa, lopacikidwa pa ofesi ya wadi pafupi ndi cidziwitso ca maleti: kuti nkhongole imene tiidziwa sitidzaikana m'khoti, kuti ngati ndalama palibe tidzanena kuti palibe, n'kugwirizana za kulipira pang'onopang'ono, kuti sitidzawina munthu wopanda loya cifukwa ca kulakwitsa fomu. Munthu wosauka adziwa kudikira mnzake amene wamuuza zoona. Cimene cimupha ndi kumuyendetsa.

M'kalasi lija muli ana asanu ndi mmodzi amene afuna kudzakhala maloya, mtsikana wa ku Kanyama ali pakati pao. Sabata yotsatira ndinabweza funso lake kwa iwo. Ndinati tiyerekeze mwapambana ku UNZA, mwaoloka mayeso a ZIALE amene agwetsa anthu ambiri, mwatsegula ofesi, lendi ikudikira, ndipo failo yoyamba yonenepa yacokera ku khonsolo. Mwaiwerenga, mwaona kuti nkhalambayo ili ndi coonadi, koma bwana wati muikoke. Mudzacita ciani? Mnyamata wina wa ku Mtendere anati adzaikoka, cifukwa akakana adzapatsa wina, ndipo nkhalambayo siipindula kanthu ndi njala yake. Anzake anamukuwiza, koma ine sindinamudzudzule, cifukwa ananena zimene akulu ambiri acita osanena. Mtsikana uja anati iye adzalemba kalata youza khonsolo kuti ilipire, n'kusunga kope lake. Mnyamatayo anamufunsa kuti kopelo adzadya? Anakangana mpaka belu, ndipo ndinawamva akupitiriza panja, pa mzere wa pampopi.

Amalume anawina mlandu wao. Cigamulo cinatuluka iwo ali pa bedi, ndipo mwana wao anawawerengera kawiri, kaciwiri mokweza. Kenaka panayamba caka cija ca lamulo. Anamwalira cisanathe. Ndalama zitabwera, zinabwera ndi ciongoladzanja cake cokwanira bwino, kuposa zimene zinalembedwa pa kalata yodindidwa ija. Akazi ao anabweza kaloba, analipira loya wacinyamata uja, ndipo zotsalazo tinagula mwala wa pamanda ku Chingwere.